Mutu 7: Zilembo za Bambo

1. Madontho a kuseri kwa chitseko

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwa Mzime kunali madontho a penti wabuluu, ondandalikidwa m'mizere ngati mbewu m'munda. Tsiku likatha osalawa mowa, mtsikanayu ankaviika kaburashi m'chitini n'kuikapo dontho limodzi. M'mawa wa Lachisanu limene tikunenali, madonthowo anali atakwana makumi asanu ndi anayi.

Dzina lakuti Mzime linamumatirira chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa m'nyumbamo. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma kwa amayi ake anali adakali kamwana koti ukakatuma mchere uzikasuzumira pazenera.

Bambo ake anali olemba zikwangwani. Mashopu, magalaja, malo ometera, ngakhale ngolo za ogulitsa zipatso, zonse zinali ndi dzanja lawo. Mzime anakulira m'fungo la penti ndi palafini, ndipo anadziwa kugwira burashi asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Koma kuyambira ali wamng'ono anali ndi vuto limodzi. Anthu akangomuyang'ana, mtima unkagunda ngati utuluka, kukhosi kunkauma gwa, manja n'kuyamba kunjenjemera. Aphunzitsi akamuloza kuti awerenge, pepala linkachita kulira m'manja mwake. Anzake, amene pa nkhani yopereka mayina salephera mayeso, anamutcha Njenjenje.

Bambo atamwalira, vutolo linakula. Tsiku lina mnzake anamumwetsa pang'ono asanakaime kutsogolo kwa kalasi, ndipo manja aja anangoti zii. Mzime anayesa kuti wapeza mankhwala. Koma mowa ndi mlendo amene amagogoda tsiku loyamba lokha. Masiku enawo amangolowa, mpaka kuchipinda. Chaka chake chomaliza kusukulu Mzime anagwa pamzere wam'mawa ana onse akuona, fungo lili guu, ndipo Ahedi anamuuza kuti atenge mabuku ake azipita.

Zinatengera misozi, chipatala ndi aphungu oleza mtima kuti afike pa madontho aja. Ngakhale zinali choncho, madzulo aliwonse amayi ake ankamuimitsa pakhomo asanalowe.

"Puma apa," ankatero atayandikitsa mphuno.

Mzime ankapuma. Zinkamuwawa, koma sankawaimba mlandu.

M'mawa umenewu amayi anakoka bokosi lamatabwa pansi pa bedi lawo n'kuliika patebulo. Linali bokosi la bambo. Pachivindikiro pake panali ndodo yaitali yomangidwa ndi mphira, ndipo kunsonga kwa ndodoyo kunali kampira kansanza.

"Ndinalonjeza kuti miyezi itatu ikakwana ndidzakupatsa, ndiye ndi ili," anatero amayi. "Ahedi atumiza mawu. Akuti zolemba za pakhoma la sukulu zija zinafufutika, ndipo akufuna ukazilembenso iweyo. Sanaitane wina ayi, aitana mwana yemwe anamuchotsa okha. Mwananga, bokosi ili ndi limene linakulera. Linakuveka, linakudyetsa. Za maburashi awiri unagulitsa aja sindinaiwale, koma sindizikumbanso. Chimodzi chokha ndikuuze. Ukabwera madzulo ano ukununkha, ndilitseka, ndipo ndikalipereka kwa ena odziwa ntchito. Sindikukuopseza. Mtima wangawu ndi umene sungapirirenso kachiwiri."

"Ndamva, amayi," anayankha Mzime. Ananyamula bokosi lija, ndipo zitini zinagundana m'kati monga zinkachitira kale bambo akamatuluka.

2. Njira yachidule

Njira zopita kusukulu zinali ziwiri. Yaitali inkazungulira kubwalo la mpira. Yachidule inkadutsa pa kashopu kena kokhala ndi zitsulo pazenera, ndipo kwa miyezi itatu Mzime sanapondemo.

Tsiku limeneli bokosi linali lolemera, ndiye anadzera yachidule. Kunena zoona, bokosilo silinali lolemera chotero.

Akuyenda ankangoona Ahedi ataima kumbuyo kwake, ana atadzaza bwalo, dzanja lake likuvina pakhoma. Pofika pa kashopu kaja thukuta linali litatsika mpaka m'chiuno. Miyendo inaima yokha.

"Mwasowatu," anatero wogulitsa. Sanafunse n'komwe chimene ankafuna. Anangopisa dzanja pansi pa kauntala n'kutulutsa kabotolo kakang'ono.

Mzime anakabisa pansi pa nsanza zopukutira maburashi.

"Sindimwa ayi," anadziuza motsitsa mawu. "Ndingokhala nako kuti mtima ukhale pansi."

Aliyense amene anagwapo m'dzenje limeneli bodza ili amalidziwa. Nayenso Mzime ankalidziwa, koma anatseka bokosi n'kupitiriza ulendo.

3. Khoma loyang'ana kumsewu

Kusukulu anapeza amalume ake atafika kale ndi makwerero. Iwowa anali mlongo wawo wa amayi, kalipentala wadazi lowala, amene kwa zaka zambiri ankakhoma matabwa amene bambo ake a Mzime ankalembapo.

"Abwana afika," anatero amalume akuvula chipewa mwanthabwala. "Ife aganyu tabwera dzuwa lisanatuluke."

Khomalo linali la kalasi yoyang'ana kumsewu waukulu. Panali mizere iwiri ya zilembo zikuluzikulu. Wapamwamba unkati CHEPETSANI LIWIRO, ndipo unkaonekabe chifukwa denga linkautchinga ku mvula. Wapansi unkati ANA AKUWOLOKA, koma umenewu mvula ndi dzuwa zinaudya, moti amalume anali ataupaka kale penti woyera dzulo lake.

Mzime anaima n'kumangoyang'ana. Anakumbukira tsiku limene mawuwo analembedwa. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atangoyamba sukulu, ndipo sabata imeneyo lole ina inatsala pang'ono kugunda mwana pamalo omwewo. Bambo sanadikire kupemphedwa. Loweruka m'mawa anabwera ndi bokosi lawo, Mzime akuwatsatira m'mbuyo. Anamupatsa nsonga ya ulusi wopaka choko kuti agwire, iwo anaukoka n'kuusiya, ndipo unamenya khoma kuti thwa! Mzere woongoka unatsala pakhoma, fumbi la choko n'kugwera m'tsitsi mwake. Tsiku lonse bambo ankalemba akuimba mluzu. Atamaliza anamunyamula paphewa, n'kuwoloka naye msewu kuti awerenge. Iye ankadziwa A yekha, ndiye anawerenga ma A onse mokuwa, bambo akuseka.

Kwa zaka zambiri ankauza mwana aliyense watsopano kuti, "Analemba bambo anga amene aja." Ankakhulupirira kuti padziko lonse panalibe dzanja loongoka ngati lawo.

"Bambo ako ankayambira pamwamba," anatero amalume. "Penti amadontha chotsika, sakwera."

"Ndiyambira pansi," anayankha Mzime. Sananene chifukwa chake, koma ankaopa kukhudza zilembo za bambo ndi manja ake onjenjemerawo.

"Nanga ndodo siumasula?"

"Ndodo ndi ya okalamba, amalume."

Amalume anangokanda dazi. Awiriwo anamenya ulusi wa choko, Mzime anajambula zilembo, n'kutakasa penti wakuda. Anaima pabenchi ndi kuyamba A woyamba. Mwendo woyamba wa A unatsika bwinobwino.

Kenaka belu la buleki linalira.

Ana anatuluka ngati njuchi. Posakhalitsa anali atazungulira benchi, ena akutafuna, ena akuloza. Kumbuyo kunaima anyamata akuluakulu amene anali m'makalasi apansi nthawi imene Mzime ankachotsedwa.

"Kodi si Njenjenje uja?" anafunsa wina, ndipo sanayesere n'komwe kunong'ona.

Burashi inayamba kugwedera, mwendo wachiwiri wa A unatuluka wokhotakhota, ndipo dontho lalikulu la penti linayenderera mpaka pansi. Ena anaseka. Sanali ambiri, koma m'makutu mwa Mzime inali sukulu yonse.

Anatsika pabenchi, n'kutseka bokosi, n'kulinyamula.

"Ndikatsuke burashi kumpopi," anatero osawayang'ana amalume.

Penti wamafuta satsukira madzi. Amalume ankadziwa zimenezo, ndipo Mzime ankadziwa kuti akudziwa.

4. Mano a sowo

"Pita," anatero amalume. "Koma usanapite, undithandize kanthu kamodzi. Kwera pamwambapo ukandionere C wa bambo akoyo ngati pulasitala wake sanafumbwe. Maso angawa anatha."

Mzime anaika bokosi pansi monyinyirika n'kukwera. Zaka zonsezi zilembozo ankazionera pansi kapena kutsidya kwa msewu. Aka kanali koyamba kuziona mphuno ili pakhoma.

Anayang'ana C, kenaka H, kenaka E. Anadutsitsa chala m'mphepete mwake. Anakhala pamwambapo nthawi yaitali, moti ana ena anatopa n'kubwerera kumasewera awo.

"Waona chiyani?" anafunsa amalume.

"Sizoongoka," anayankha Mzime ndi mawu aang'ono. "M'mphepete monse muli mano ngati a sowo."

"Tsika, tikambirane."

Anakhala pabenchi paja. Amalume anayamba atayang'ana kumsewu.

"Bambo ako ndinagwira nawo ntchito zaka makumi awiri, ine kupala matabwa, iwo kulemba. Manja awo ankanjenjemera kuposa akowa. Tsiku loyamba kubwera kwathu kudzaona amayi ako, tiyi yense anathera m'sosala. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ine ndinauza mlongo wanga kuti munthu uyu ngakhale msomali sangaukhome. Mwini shopu akaima kumbuyo kwawo, malaya ankanyowa ngati awathira madzi. Kodi mluzu uja unkayesa wa chimwemwe? Unali wa mantha. Ankatulutsira mpweya pang'onopang'ono kuti dzanja litsike bwino."

Mzime anawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Nawonso mowa anauyesa, iwe usanabadwe," anapitiriza amalume. "Chaka chathunthu. M'mawa mizere inkaongoka, koma pofika masana ankalemba mawu osowa zilembo. Wometa wina anakhala mwezi wonse ndi chikwangwani choti anthu akachiwerenga ankagwa ndi phwete. Mapeto ake anagwa pa makwerero omwewa n'kuthyoka phewa. Atachira anabwera kwanga, akuti, 'Alamu, ndisemereni ndodo yotsamiritsapo dzanja.' Ndi imene ukuti ya okalambayo. Anayamba kuigwiritsa ntchito ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Kunjenjemera kuja bambo ako sikunawathere ayi, anapita nako kumanda. Anangoleka kuchita nako manyazi, n'kuphunzira kugwira nako ntchito. Ankakonda kunena kuti chikwangwani sachiwerengera pamphuno, amachiwerengera kutsidya kwa msewu. Zaka khumi ndi zitatu madalaivala akhala akuponda mabuleki chifukwa cha zilembo za mano a sowozi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatsika kudzadandaula.

"Ndiye tamvera, mwana wa mlongo wanga. Mowa suchotsa mantha, umangowagoneka tulo. Mawa amadzuka ali ndi njala kuposa dzulo, ndipo chakudya chake ndiwe. Wadya kale sukulu yako. Ukaupatsa mpata udya bokosili, kenaka udya amayi ako ali moyo. Zimene zili m'bokosimo sindikuzidziwa, ndipo sindifufuza. Ine ndine kalipentala, si wapolisi. Pita kumpopi. Ukabwera undipeza pompano nditagwira makwerero."

5. Kumpopi

Mpopi unali kuseri kwa makalasi, pamalo obisika pamene Mzime ankapadziwa bwino kuyambira masiku oipa aja. Anakhala pasimenti, n'kutsegula bokosi, n'kutulutsa kabotolo kaja.

Kanali katafunda chifukwa cha dzuwa. Malovu anadzaza m'kamwa. Zala zake zinagwira chitsekero, ndipo ankadziwa kuti kungopotokola kamodzi, pakangopita mphindi zochepa manja akhala zii.

Belu lolowera linalira. Phokoso la ana linazilala mpaka kunatsala madzi okha akudontha pampopi.

M'kati mwa chivindikiro cha bokosi munali zidindo za zala za bambo, zofiira, zachikasu, zobiriwira, pamene ankapukutira chala akafulumira. Mzime anaziyang'ana ndipo analira. Anawasowa bambo ake kuposa tsiku lina lililonse chiwaikire m'manda. Zinamupwetekanso kuti zaka zonse zija ankawabisira manja ake pansi pa tebulo, osadziwa kuti nawonso awo ankanjenjemera.

Atatha kulira manja anali akunjenjemerabe. Anawayang'ana kwa kanthawi. Kenaka anabwezera kabotolo pansi pa nsanza, chitsekero chili chomwecho, n'kumasula mphira wa pandodo.

Pakati pa ndodoyo panali malo osalala, akuda, pamene mkono wa bambo unkatsamira. Anaikapo wake ndipo panakwana.

Amalume atamuona akubwera ndi ndodo m'manja anangosunthira makwerero pa C.

Mzime anakwera. Anagwira ndodo ndi dzanja lamanzere, kampira kansanza n'kukatsamiritsa kukhoma, mkono wamanja n'kuugoneka pandodopo. Anayesa kuimba mluzu koma panangotuluka mpweya. Anayesanso, ndipo burashi inatsika limodzi ndi mpweyawo, ikutsata njira imene bambo anadutsa.

Nthawi yoweruka ana anadzazanso bwalo. Mtima unayambanso kugunda, manja anayambanso zawo zija. Ulendo uno sanatsike. Anapukuta thukuta ndi phewa n'kupitiriza chilembo chimene anali nacho.

6. Kutsidya kwa msewu

Dzuwa litapendeka, O ndi K ndi A omaliza anali atauma pang'ono. Amalume anamugwira pamkono ndipo anawoloka msewu.

Mzime anatembenuka. Mawu aja anali gwa pakhoma, akuda bii, oongoka ngati mmene ankawaonera ali paphewa pa bambo.

"A woyambayo wanenepa," anatero amalume. Anali A uja amene Mzime anamukonza pobisa kukhota kwake.

"Akudya bwino," anayankha Mzime, ndipo anadabwa kudzimva akuseka.

Ali pomwepo Ahedi anawoloka kudzawapeza. Anali mayi wamtali wa magalasi olendewera pachingwe, yemwe uja anamuuza kuti atenge mabuku azipita. Anavala magalasi, n'kuwerenga khoma lonse ngati akuchonga mayeso, kenaka anayang'ana manja a Mzime.

"Akunjenjemerabe?" anafunsa.

Mzime anafuna kuwabisa kumbuyo, koma anawasiya pomwe anali.

"Eya, akunjenjemerabe," anatero. "Ndinatengera bambo anga."

Ahedi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ntchito wagwira, ndaiona. Tsopano ndili ndi pempho lina. Tsiku lija ndinakuchotsa chifukwa lamulo linatero, koma sindinakufunse chimene chinkakumwetsa mowa, ndipo zimenezo zimandivutabe. M'sukulu muno muli ena amene ayamba njira yomweyo. Ndikuwadziwa. Ine ndikalankhula amangomva kuti Ahedi akukalipa. Ndikufuna Lolemba m'mawa ubwere pamzere, uime pamene unagwera paja, uwauze wekha zimene unadutsamo. Sindikukakamiza."

Mzime anaganiza za Lolembalo. Anaona bwalo lonse, maso mazanamazana, iye ali pakati popanda khoma loti ayang'aneko.

"Ndikaganize kaye," anayankha.

7. Dontho la Lachisanu

Pobwerera anadzera njira yaitali. Anafika dzuwa lisanalowe, ndipo anapeza amayi ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, nkhope yodzaza nkhawa.

Amayi asanatsegule pakamwa, Mzime anaika bokosi pansi. Anapisa dzanja pansi pa nsanza, n'kutulutsa kabotolo kaja, n'kukaika m'manja mwawo.

"Ndagula m'mawa," anatero. "Sindinatsegule."

Nkhope ya amayi inagwa. Anakatembenuza kabotoloko, n'kuyang'anitsitsa chitsekero, n'kuchiyesa ndi chala.

"Ndipume?" anafunsa Mzime.

Amayi anamubwezera kabotolo kaja.

"Ayi," anatero. "Wagula wekha, ukathire wekha."

Mzime anapita kuseri, n'kutsegula, n'kukhuthulira zonse m'ngalande. Fungo linamumenya m'mphuno ndipo anachita kutembenuza nkhope. Pobwerera anapeza bokosi lija litaikidwa m'chipinda chake, pafupi ndi bedi. Amayi anali ataima pachitseko, kaburashi ka madontho kali m'manja.

Mzime anawafotokozera za mano a sowo, za ndodo, ndi za pempho la Ahedi. Amayi anangomvetsera, maso ali pabokosi. Pa za Lolemba sanamuuze chochita.

"Amayi, kodi lero likuwerengedwa?" anafunsa Mzime. "Poti ndinagula."

"Mwa masiku onsewa, lero ndiye ndingaliwerenge kawiri," anayankha amayi akumupatsa kaburashi. "Ika."

Dzanja linagwedera, ndipo dontho linatuluka lokhota, lokhala ndi kamchira. Mzime sanalifufute.

Anayang'ana malo otsala pamzerewo. Pakati pa iye ndi Lolemba panatsala madontho awiri okha, ndipo njira yachidule yopita kusukulu inali ikudutsabe pa kashopu kaja.